Zelifa Akatunga Madzi

Masiku amenewo mjigo wa m'mudzi sunkatulutsa madzi usanautchulire mawu achinsinsi a tsikulo, amene ankabwera pafoni m'mamawa. Koma Zelifa, chigwereni m'ngolo n'kumenyetsa mutu pamwala ali mwana, mawu ankamuthawa asanafike n'komwe pamphambano. Ndowa inkabwerera youma.

Tsiku lina mayi ake anagona ndi malungo, mtsuko utauma gwa.

"Mawuwo usawanene mwanangu, uwayimbe," anatero mayiwo. "Mutu wakowo sutaya nyimbo."

Namwaliyo anayimba njira yonse, akuomba ndowa ngati ng'oma. Atafika pamjigo, amayi amene anali pamzere anamuseka. Iye anaweramira makina a mjigowo n'kuyimba mokweza.

Madzi anakhuthuka, kuseka konse kunatha.

Anatula ndowa pakhomo, bulauzi itanyowa.

"Amayi, dzukani mumwe. Ndatunga ndine."