Injini Yokwezedwa

"Ndaikweza m'mwamba pang'ono, alamu. Lero boti liuluka," anatero Sankhani, makaniko wa njinga zamoto wa ku Chipata, akumangitsa injini ya boti la Alfonsi.

Alfonsi ananyamula amayi a kwaya n'kuyamba kuwoloka damu la ku Chipangali. Botilo linathamangadi. Koma atacheuka ali pakati pa damu, anaona zoopsa. Timadzi timene injini imalavula podziziziritsa tinali titasiya kutuluka. Injiniyo inali itakwezedwa kwambiri, moti sinkamwanso madzi.

Kunayamba kununkha chitsulo chopsa. Amayi aja anasiya kuimba. Chapafupi, mvuu ziwiri zinatulutsa mitu.

Foni inalira. Anali Sankhani, akuseka kumtunda.

"Mwaona liwiro, alamu? Ngakhale kudontha kwa madzi pa injini kuja kwatha."