Msipu wa pa Msana wa Nadzikambe

Padangotero, kale mitambo ikadagona m'zigwa, kuseri kwa phiri kunali dambo la msipu. Nadzikambe ankapitako n'kubwera atavala mtundu wa udzu wa kumeneko. Nyama zinkangoonera pa msana pake ngati kudambo kuli msipu, osavutikanso ndi ulendo wokaona.

Tsiku lina Mbawala anafika ndi kamwana kake kanjala.

"Achimwene, kudambo kuli bwanji?"

"Simukuona kubiriwiraku, achemwali?" anayankha Nadzikambe, diso lina lili m'tulo.

Namzeze anaseka ali m'mwamba. "Tamufunsani kuti anapitako liti! Inetu ndamva fungo la utsi."

"Nsanje basi," anatero Nadzikambe.

Mbawala anakhulupirira msanawo. Anakwera phiri, kamwana kakulota msipu, koma anakapeza lupsa lokhalokha.

Pobwerera, kamwana kakudzandira, anapeza Nadzikambe akadali wobiriwira, akulozera Gwape njira ya kudambo.