Mitundu 143 ya pa Chigawo Chachinayi

Katswiri wa mapulani anafika kutada, nsapato zili phuliphuli, mtima uli kale pa ulendo wobwerera. Dalaivala anatsala m'galimoto. Nyumba ya mlonda wa nkhalango inali ya zipinda ziwiri, tebulo limodzi, ndi nyali ya sola yomwe inkathima munthu akangotsokomola. Katswiriyo anauyang'ana mpando. Anaupukuta ndi mpango. Kenaka anakhalira mpangowo.

Ntchito yake inali yophweka. Nkhalango inali ndi zigawo zinayi. Kulikulu kunali waya wokwanira kutchinga chigawo chimodzi basi. Zitatu zotsalazo zinali kupita kwa a macheka, omwe anali atamanga kale misasa kumsewu. Kalata yosankha inkafunika isanakwane 8 koloko m'mawa.

Njira yosankhira inalinso yophweka. Mwezi wathawo kunabwera ophunzira a kukoleji. M'chigawo chilichonse anazinga kabwalo ndi chingwe, mamita 20 uku, 20 uku, n'kuwerenga mitundu ya zomera zam'katimo. Chigawo cha mitundu yambiri ndicho chipulumuke. Njirayi anailemba yekha katswiriyo, ndipo anali ataifotokoza m'mahotela asanu ndi awiri. Nkhalangoyo ndiye anali asanaipondemo. Kupondamo kuti atani, manambala ali mulaputopu?

Anatsegula. Choyamba, 38. Chachiwiri, 51. Chachitatu, 29. Chachinayi, 143.

Analiza likhweru.

"Madala, zaka zonsezi mwakhalira golide osadziwa?"

Mlondayo anali wa imvi. Anali atalondera nkhalangoyo zaka 26, ndipo malaya ake a yunifolomu anali ataona zonsezo. Anavula chipewa.

"Bwana, mukadatchinga chachiwiri. Kuli mibawa yoti anthu anayi sangaikumbatire. Madzi omwe timamwa kunowa amatumphuka kumeneko."

"Kunenepa kwa mtengo si sayansi."

"Chachinayicho, bwana, anyamata aja chingwe chawo anachimanga pa..."

"Anyamata aja akutenga madigiri. Inu muli ndi chiyani?"

"Tochi, bwana."

"Basitu."

Katswiriyo anamuyang'anitsitsa. Anthu oterewa ankawadziwa, anawawerengapo m'malipoti. Mlonda akamakana waya, ndiye kuti wayayo amutsekera kena kake. Anayamba kuona zomwe poyamba sanazione. Zikhadabo zakuda. Nkhwangwa kuseri kwa chitseko. Thumba la makala pakona, lodzaza mpaka kukamwa. Nkhani yonse inali poyera ngati mphuno: mkuluyu ali ndi mauvuni ake a makala ku chigawo chachinayi, ndipo akufuna waya apite kutali.

Mkazi wa mlonda analowa ndi tiyi. Anaika kapu patebulo, n'kunong'oneza mwamuna wake mokweza bwino lomwe.

"Bambo, auzenitu."

"Ndayesa, mayi. Akuti ine wanga ndi tochi."

"Ndiye muwaunikire."

Katswiriyo anamwetulira. Banja lonse lili momwemo! Analemba mofulumira. Chigawo chachinayi, chuma cha dziko, chitchingidwe msanga. Zina zitatuzo n'zosauka, zipite. Pansi pake anawonjezera mzere umodzi: mlonda aimitsidwe ntchito, afufuzidwe. Anawerenga mzerewo mokweza, kuti mwiniwake asadzati sanamve.

Mlonda anavala chipewa chake.

Netiweki inkapezeka pamwamba pa chulu kuseri kwa nyumba. Katswiriyo anakwera chokwawa, foni m'mwamba ngati akudalitsa nkhalango. Kalata inapita. Yankho silinachedwe: zalandiridwa, a macheka alowa mawa. Anatsika akudziyamikira. Ena ntchito yotere amathera sabata yathunthu, kulumidwa ndi nkhupakupa. Iye mphindi makumi anayi, tiyi asanazizire.

Kutangocha anali kale m'galimoto. Sanatsanzike. Chinatsala n'chithunzi chokha cha pachikuto cha lipoti.

"Uime pa chigawo chachinayi," anauza dalaivala.

Dalaivala anayendetsa pang'ono, mtunda woti mwala ukhoza kufika, n'kuima.

"Ndati chachinayi."

"Ndi chimenechi, bwana."

Patsogolo pawo panali phiri lometedwa mpala. Zitsa. Miyala. Mbuzi ziwiri zikukanganirana chitsamba chimodzi. M'munsi mwa phirilo ndiye munali kachitsamba kothithikana, kakang'ono kuposa poimika magalimoto pa ofesi yake. Chingwe cha ophunzira chinali chikadali pomwepo, pafupi ndi msewu, pamthunzi wabwino.

Anatsika. Analowa. Mitundu inalipodi, tsamba lililonse losiyana ndi linzake. Koma mitengoyo inaima m'mizere yowongoka ngati ana asukulu. Anagwada, buluku la suti lili m'dothi. Patsinde lililonse panali chubu chakuda chapulasitiki, mizu itaching'amba n'kulowa pansi.

Kuseri kwa phirilo, cha ku chigawo chachiwiri, macheka oyamba anatsokomola, kenaka analira.

Dalaivala anatulutsa mutu pawindo, nkhope ili mwee.

"Zakula, eti bwana? Mbande zimenezo ndinazibweretsa ndine pa lole, mtundu uliwonse umodziumodzi, zochokera m'mashopu a maluwa. Si nazale ya pulojekiti yanu ija imeneyi, munatsegulira pa foni muli kuhotela?"