Chaka Chomwe Ana Onse Anasankha Ndakatulo

Nkhaniyi anandiuza ndi Nibaldo, dalaivala wa basi ya ku Curicó.

"Don Evaristo, chaka chino ana akapanda kusankha ndakatulo zanuzo, phunzirolo tikulitseka," anatero ahedi, Mayi Edelmira. "Inuyo akutumizani kusukulu ya kumapiri."

Don Evaristo anangogwedeza mutu. Mawondo anali atamutha kale, mapiriwo akanawakwera bwanji? Ana a chaka chachitatu cha sekondale, omwe amasankha okha maphunziro ena, ankangothamangira masamu ndi makompyuta.

Tsiku loyamba mkuluyo anakakhala m'kalasi kudikira kuti aphunzitse mipando. Koma ana analowa, nalowabe, mpaka ena kukhala pansi. Misozi inalengeza m'maso mwake.

"Iwe Yasna, mwana wanga," anafunsa mtsikana wa kutsogolo, "chakukokerani kuno n'chiyani?"

Yasna anayasamula. "Musakhumudwe, aphunzitsi. Nyengo ino timayamba tathyola mphesa m'minda, kusukulu kuno timafika thupi lili lendee. A masamu amakuwa, a makompyuta sachedwa kuloza munthu. Koma inu mukayamba kuwerenga, eee, tulo take!"

"Anatitsina khutu ndi achimwene athu!" anakuwa wina kumbuyo.

Don Evaristo anayang'ana mapiri pawindo, nayang'ana manja a anawo, akuda ndi madzi a mphesa. Anatsegula buku, n'kuyamba kuwerenga motsitsa mawu kuposa masiku onse.

Ine nkhaniyi ndimaikayikira. Nibaldo amalumbira kuti anali mmodzi wa ana a m'kalasimo ndipo anaona zonse, koma munthu wopita kukagona amaona chiyani?