Kamtengo ka pa Gombe

"A Hosea, sendezani bwato pang'ono," anatero Jackie, wojambula zithunzi wa ku Lusaka, diso lili pa kamera.

Hosea anapalasa. Mbalame zofiira, afulagombe, zinkalowa ndi kutuluka m'mauna mwawo pa gombe limene mtsinje wa Luangwa unagumula dzinja lathali, n'kukokolola theka la manda a m'mudzi.

"Kamtengo ako pamwambapo kakuwononga chithunzi. Mungakachotse?"

Hosea anakocheza bwato n'kukwera gombelo. Unali mtanda wa pamanda a mkazi wake, umene anazika yekha. Sunavute kuzula, chiswe chinali chitaudya kale. Anaugoneka pa udzu n'kubwerera.

Kamera inalira kangapo.

"Taonani kukongola kwake," anatero Jackie. "Ndikutumizirani chimodzi, mukawaonetse akazi anu kunyumba."

"Zikomo madamu," anatero Hosea, akutola nkhafi.