Mkazi Mnzake wa mu Laputopu

"Tawerengani apa, mundiuze ngati zikumveka," anatero bambo wina kwa mkazi wake, akumutembenuzira laputopu momwe munali malangizo amene analemba. Kuntchito anali atalamula kuti malangizo a zida zonse zimene AI, pulogalamu yanzeru ya pakompyuta, imagwiritsa ntchito aziyamba awerengedwa ndi munthu wapadera, chifukwa sabata yatha AI ija inasokoneza zida n'kufufuta mafayilo a kasitomala.

Mayiyo anawerenga mokweza. "Chida ichi n'chosakira mafayilo basi. Ukakayikira, funsa. Ukalakwitsa, bwerera pamene unayambira, uyesenso."

Mtima unamuwawa. Bambo yemweyu, pomuphunzitsa galimoto, ankangokuwa kuti "Ponda! Osati icho!" osanena choti aponde, mpaka mayiyo anagunda geti n'kuzisiya zoyendetsazo.

"Kani mumatha kulankhula chonchi?" anafunsa. "Ameneyu ndiye mwamukonda. Zonse mwachita kumutafunira."

"Ndi makina, mayi. Akalakwitsa, wolakwa ndi amene sanawafotokozere bwino."

"Wolakwa ndi wofotokoza, eti?"

Mayiyo anatseka laputopu ija pang'onopang'ono, n'kutola makiyi a galimoto patebulo.

"Malangizo anu akumveka bwino kwambiri. Tiyeni panja. Muzingoyesa kuti ndine makina."