Nambala ya Khansa pa Fatura ya Matilde

"Analemba nambala iyi ndani?" Matilde anamenyetsa fatura, pepala la ndalama zolipira, patebulo la Nelson, mlembi wa kilinika ina ku Ulongwe.

Mwezi wathawo anaifufuza pafoni nambala ya matenda yolembedwa pafaturayo, n'kupeza kuti ndi ya khansa. Tsopano dokotala anali atangomuuza kuti pakhomo la chiberekero pangofiira chabe, si matenda.

"Ndine, mayi. A seguru, inshuwalansi ya kuntchito kwanu ija, salipirira zopanda vuto, ndiye ndinasankha nambala yoti alipire. Ndimakuthandizani."

"Kundithandiza? Ine ndimati ndikufa! Zitenje zanga ndinagawa. Ndinapita mpaka ku Lifidzi kukawalalatira apongozi anga zonse zimene ndinasunga zaka khumi."

Nelson anatola cholembera. "Ndiikonze?"

Matilde anakumbukira apongoziwo, amene anamukhululukira zolalata zija poganiza kuti Matildeyo ndi munthu wopita kale ndi khansa. Faturayo ndiyo inali umboni wake wokhawo.

"Isiyeni kaye," anatero akukukuta mano.